Mpata wa M'mano Mwanga

Lolemba, 3 Juni
Ndabwerako ku Lilongwe. Mano anayi akutsogolo akugwedera, ati achotsedwe aikepo opanga. Dokotala wake mtsikana, dzina Wezzie. Anandiyendetsa kachitsulo kowala m'kamwa, mano anga onse n'kutulukira pa kompyuta, akuzungulira ngati nyama yopachika pamsika. Atadina panabwera atsopano, oyera, othithikana. Mpata wanga wapakati palibe. Nditafunsa, anayankha ndi mwana wanga Benedicta: "Ababa, makinawo akonza." Akonza chiyani? Unathyoka?

Lachinayi, 6 Juni
Mpatawu wandiperekeza zaka 74. Malemu mkazi wanga Anasi ankati anayamba kuona iwo asanaone ine. Mluzu wanga umatulukira pomwepo. Bulaki ndi Kalonga, ng'ombe zanga zapangolo, zimaumva zili kutsidya kwa dambo n'kubwera zokha. Timoteyo wa nyumba yoyandikana nane wakhala akuyeserera zaka zisanu, sizimucheukira n'komwe. Mawondo anga ano ndingathamangitse ng'ombe?

Loweruka, 8 Juni
Benedicta waimba. Ati dokotala anamutumizira chithunzi cha mano atsopano pafoni ndipo wavomereza kale. Kamwa langa, wovomereza wina. Ati, "Mudzaoneka bwino kutchalitchi." Ndinalekeza Sitandade 4, inde. Kompyutayo inafika sitandade chani pa nkhani ya ng'ombe?

Lamulungu, 9 Juni
Ulaliki sindinaumve. Lilime pampata basi. Ndayesa: mtengo wa machesi umodzi umalowa ndendende. Ndaukulunga m'kapepala.

Lachiwiri, 11 Juni
Minibasi yoyamba pa Boma, ndekha, osauza munthu. Mtengo wa machesi uja ndinauika patebulo pa dokotala. Ndimati aseka. Sanaseke. Anauyeza ndi kachipangizo, n'kutembenuzira kompyuta kwa ine, koyamba. Ati makinawo amatseka mpata uliwonse pokhapokha munthu awaletse. "Bwanji simunanene, agogo?" Ndinanena. Inu munkayang'ana Benedicta.
Anasuntha mano awiri apakati pa kompyutapo pang'onopang'ono mpaka ndinati basi.

Lachisanu, 19 Julayi
Mano aja aikamo. Akulemera ngati ndaluma mbale. Mpata ulipo. Kudambo ndaimba mluzu, kwatuluka mphepo ndi malovu. Kanayi konse. Kalonga osadzutsa ngakhale khutu. Ndakazitenga ndi ndodo ngati munthu wina aliyense, Timoteyo ali pachulu, dzanja kukamwa.

Lolemba, 22 Julayi
Mluzu sukutulukabe. Nkhama zikuwawa. Kuseri kwa nkhokwe ndikuphunzira mluzu, nkhalamba yonseyi. Anasi akanaseka mpaka kukhala pansi.

Lachinayi, 25 Julayi
Lilime liyenera kutsikirako pang'ono, ndazindikira. Mluzu watuluka, koma mawu ake ndi ena, opyapyala, si anga aja. Ndaimba kawiri. Bulaki wadzutsa mutu, wandiyang'ana nthawi yaitali ngati mlendo wofunsa njira. Kenako wauyamba wobwera kwa ine, Kalonga pambuyo.
Benedicta sindimuuza. Anganene kuti ndi makina.