Anankafumbwe a Tikhala

Kwa Likoswe,
Chiradzulu.

Mwana wanga Linda,

Uli bwanji ku Mzuzuko? Nanga amuna ako chifuwa chija chinasiya? Kuno tilipo, bondo lokha ndi lomwe silimva. Akundilembera ndi mayi Jamila oyandikana nafe, ndiye zilembo zikapindika dziwa kuti akuseka.

Nkhani ndi ya mwana wako Tikhala. Aphunzitsi awo a Fraser anawapatsa ntchito, akuti kafukufuku. Tikhala anabwera kunyumba ndi mabotolo atatu a nandolo. Lina anathiramo phulusa, lina mankhwala ogula ku Namadzi, lachitatu osathira kanthu. Akuti aziwerenga anankafumbwe Loweruka lililonse, aone njira yosunga bwino. Anandiuza kuti agogo musakhudze. Ndinavomera.

Koma iwe Linda umandidziwa. Sabata yachiwiri ndinasuzumira m'botolo lachitatu lija, ndinapeza tizilombo tikuyendayenda ngati ndi kwawo. Nandolo wabwinobwino! Ine chibadwire sindinaonererepo mbewu ikudyedwa manja ndili nawo. Mwana atapita kusukulu ndinakhuthula, kupeta, kuyanika padzuwa, n'kubwezeramo. Lachisanu lililonse ndimatero. Loweruka mwana amalemba ziro, ine phee.

Dzana linali tsiku lofotokoza zomwe apeza, makolo tinaitanidwa. Tikhala anaima kutsogolo, mawu osanjenjemera, amvekere kafukufuku wake waonetsa kuti nandolo safuna phulusa kapena mankhwala, anankafumbwe samudya. Anthu anaomba m'manja. Kenako a Nabanda, mmodzi wa makolofe, anadzuka, akuti zikomo mwanawe, chaka chino matumba awo anayi onse sathiramo kanthu.

Ndikhale chete, a Nabanda adye fumbi? Ndilankhule, mdzukulu wanga achite manyazi? Ndinakweza mkono ngati mwana wa sitandade wani, n'kuulula zonse.

Anthu anaseka mpaka ena kugwira khoma. Aphunzitsi anapukuta misozi, akuti limenelinso ndi phunziro, mwana ayambirenso, sadulidwa malikisi. Koma Tikhala sanaseke. Mpaka lero akundiyankha ndi mutu basi. Madzi akutunga ndithu, koma mmene amatulira ndowayo, nkhuku zimathawa.

Ndiye chonde umuimbire pa foni ya mayi Jamila. Umuuze kuti agogo ake analakwa, koma sikuti ndinkafuna kumuyalutsa. Analankhula bwino mwana uja, ngati wa pawailesi, umuuzenso zimenezo. Iwe akumvera.

Mabotolo atsopano akusungidwa ku ofesi ya ahedi, m'kabati yokhoma. Dzulo ndinapitako kuti ndikangowaona chabe. Anandibweza pakhomo. Kaya n'chifukwa choti ndinanyamula lichero.

Mulungu akusunge pamodzi ndi a kunyumba kwako. Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa kamdzukulu kanga Success, umuuze asakule ndisanamuone.

Ndine mayi ako,
Nagama