Ndinauza achimwene adzale mtedza munda wonse

Aphungu,

Mtima wanga suli m'malo. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leicester. Nditamva kuti pali pangano loti katundu wa ku Malawi azilowa ku UK popanda msonkho, ndinaimbira achimwene anga ku Mchinji kuti, "Chimanga chisiyeni, dzalani mtedza munda wonse, msika ndaupeza." Kalabu yawo ya alimi yonse yamva, mizere akuunga kale.

Loweruka ndinatengera kathumba ka mtedza wawo kwa a Gaffar, obadwira ku Limbe, amene ali ndi shopu ku Highfields, mumzinda momwe muno. Atatafuna anati, "Kukomaku ndiye kwathu, mwana wanga. Koma pepala la ku labotale lili kuti? Ukufuna anditsekere shopu?" Umene akugulitsa ndi wa ku Argentina.

Mvula yayandikira. Pangano lija ndi bodza? Achimwene ndiwauze chiyani?

T.K., Beaumont Leys

A T.K.,

Si bodza ayi, koma munamva theka. Pangano limachotsa msonkho, malamulo a chakudya amakhalapobe. Mtedza amauyeza poizoni wochokera ku chuku, amene lilime silingamumve. Kwathu ambiri timawaza madzi kuti makoko afewe poswa, ndipo chuku chimakonda zomwezo.

Apa m'pamene mayiko amasiyanirana. Kumene kuli malo oyezera odalirika, alangizi ofikadi kumunda, mosungira mouma ndi misewu yabwino, mlimi amagulitsa pamtengo wokwera, n'kugula makina, chaka chotsatira n'kukolola zochuluka. Chuma cha dziko chimakula motero. Kumene kulibe izi, chipata chimakhala chotsegula koma mtedza n'kuthera kwa mavenda.

Imbani lero lomwe. Vomerani kwa achimwene kuti munafulumira, ndipo chimanga chibwerere m'munda. Manyazi a tsiku limodzi ndi opepuka poyerekeza ndi njala ya mu February. Kalabu ifunse mlangizi za kaumitsidwe, komanso ifufuze kopaletivu imene imatumiza kale mbewu kunja. Inuyo bwererani kwa a Gaffar, akuuzeni amene amawaodetsa mtedza ndi mapepala amene amafuna. Anakulankhulani ngati mwana wawo, sangakukanizeni.

Chenjezo langa: musayambe kubweretsa mtedza m'masutikesi n'kumagulitsa kutchalitchi. Wina atadwala, dzina loipa ndi lanu ndi la Mchinji.

Tayesani kaye pang'ono. Mtedza wa ndime imodzi, wouma bwino, woswa osawaza madzi, ukayezedwe. Kukula kwa munda wa chaka chamawa kuchokere pa pepala la ku labotale limenelo, osati pa foni yanu.