Penti Yoyera pa Timitu ta Mapaipi

Lolemba, 6 Malichi

Kunabwera mayi woyendera zozimitsa moto, Kerrin Stojanovski. Ndinatsika kukamuperekeza, poti pa nyumba yathu yosanjayi palibe amene amadziwa pansi poimika magalimoto kuposa ine. Wosesa ndine, wosintha mababu ndine, popanda wondituma.

Anakwera makwerero n'kuwalitsa tochi pa timitu ta mapaipi, tija timapopera madzi moto ukabuka. Kenako anafunsa, “Ndani anapaka penti apa?”

Ine maso kunyanja.

Akuti kamutu kalikonse kali ndi kagalasi kamene kamasweka kakamva kutentha, madzi n'kutuluka. Penti ikakaphimba, kagalasiko kamachedwa kumva moto, mwinanso osasweka n'komwe. Timitu tonse 24 tiyenera kuchotsedwa, aike tatsopano.

Ndinapaka ndine. Pa Khirisimasi, anthu atapita kutchuthi. Zaka 38 ndinkapenta sitima zapamadzi kudoko la Port Kembla, ndipo kumeneko chitsulo chosapaka penti chimanena ulesi wa mwini wake. Pansipa palibe makoma, mphepo ya mchere imangolowa mbali zonse, ndiye timituto tinayamba kuchita dzimbiri. Ndinapaka kawiri, ndi kaburashi kakang'ono, mtima uli mbee.

Lachiwiri, 7 Malichi

Rita, mkazi wanga, akuthira tiyi: “Mwawauza anthu kuti munapaka ndinu?” Ndinati ndikudikira nthawi yabwino. “Carmelo, nthawi yabwino inali dzulo.”

Lachitatu, 8 Malichi

Mayi Glenys Hartigan, wapampando wa komiti ya eni mafulati, anaimbira Kerrin kuti akangane naye. Ndinamva ndili pamasitepe. “Pamalo popanda makoma utsi umatuluka wokha, ndiye timituto n'tachiyani?” Yankho anandiuza okha, atakwiya. Akuti galimoto ikayaka, moto supita m'mbali, umakwera kumene anthu amagona, ndipo nyumbayi inavomerezedwa ndi mapaipiwo, choncho azigwira ntchito basi.

Atalephera kumeneko, Mayi Glenys ayamba kusaka wolakwa. Amupeza kale: Sione Taufa wa pa nambala 2. Ntchito yake ndi yopenta nyumba, galimoto yake imakhala yodzaza zitini, ndipo ndi yekha wa lendi pano. Pangano lake la nyumba likutha mwezi wamawa. Akuti alembera mwini fulatiyo kuti asamuonjezere nthawi.

Ndinangoti, “Tisafulumire, mayi.” Mawu anga onse anali omwewo. Ndikuchita manyazi kuwalemba.

Lachinayi, 9 Malichi

Sindinatsike kukasesa.

Loweruka, 11 Malichi

Ndinatsika. Masamba anali atadzaza paliponse. Ndikusesa, Sione anatulukira kuchokera kokawedza, chidebe kumanja.

“Madala, nayi ndiwo, mayi akakazinge. Mwaonda sabata ino.”

Anandipatsa nsomba ziwiri zikuluzikulu. Kenako anayang'ana kudenga nthawi yaitali. “Koma amene anapaka apa ali ndi dzanja labwino. Palibe pamene penti inadontha. Ine sindingafikepo.”

Zoona zake, ndinayamba ndanyada. Manyazi anabwera pambuyo. Ndinati inde, zikuoneka choncho, n'kupitiriza kusesa pamalo pamene ndinali nditasesa kale. Kagalimoto kanga kakale kaja, kamene kamadontha mafuta, ndimaimika pansi penipeni pa chipinda cha ana ake atatu. Lero ndi pamene ndazindikira.

Lamulungu, 12 Malichi

Rita anakazinga nsomba zonse ziwiri, n'kudya yekha imodzi, ina n'kuika mufiriji. Ine anandipatsa buledi ndi tchizi. “Nsomba ya Sione simudya inu.” Kutchalitchi anakhala nane benchi imodzi, koma chikwama chake chili pakati pathu.

Chimene ndikuopa n'chiyani kwenikweni? Kuti andilanda tsache? Zaka zonsezi anthu akafuna kudziwa kanthu amati kafunseni a Pirotta. Ndikuopa kuti asiya kunena choncho. Ndalemba, ndawerenga, n'zopusa.

Lachiwiri, 14 Malichi

Msonkhano wa komiti unachitikira pansi pomwepo, pamipando ya pulasitiki, kuti aliyense aone timituto. Sione anaima chakumbuyo, zovala zake zantchito zili mawangamawanga. Mayi Glenys atangotsegula fayilo, ndinaimirira.

Ndinati ndinapaka ndine, pa Khirisimasi, poopa dzimbiri. Ndinatulutsa chitini chotsala cha penti n'kuika pansi, kuti asaganize kuti ndikungomutchinjiriza mnzanga.

Palibe anandikalipira. Zikanakhala bwino akanatero. Mayi Glenys anavula magalasi. “A Pirotta, sabata yathunthu? Kalata ija ndinatumiza Lachitatu lomwelo.” Anati aimbira mwini fulatiyo mawa m'mawa kuti aibweze, ndipo anapita kukapepesa kwa Sione pamaso pa onse. Kumbali imeneyo andiposa.

Anthu atabalalika, ndinatsala ndi Sione tikusanja mipando. Ndinati pepani, achimwene, ndinachedwa.

“Ndinakuonani tsiku lija, madala. Munali pamakwerero, mutavala kabudula wofiira.”

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene, nyumba yake ili pa ngozi chonchi.

“Kwathu ku Tonga munthu wamkulu sitimuchititsa manyazi pagulu. Ndimadikira kuti munene nokha.” Anaika mpando womaliza pamwamba pa inzake. “Loweruka ndinayesa kukutsegulirani njira, koma munangosesa.”

Ndinamuperekeza mpaka pakhomo pake. Atatsegula chitseko, ndinaona makatoni atandandalikidwa m'khonde, ena atamangidwa kale ndi tepi. Pa lina analembapo kuti mbale, pa lina mabuku a kusukulu. Mele, mkazi wake, anali atagwada pansi akukulunga makapu m'manyuzipepala. Sione anamuuza zimene zachitika, m'chilankhulo chawo.

Mele anandiyang'ana, kapu ili m'manja. Anandipatsa moni mwaulemu, koma sananditche madala ngati masiku onse.

“A Pirotta, ana tinawauza kale Lachisanu kuti akasintha sukulu. Wamng'onoyo sanadye masiku awiri. Lowani, mukawauze nokha kuti sakusamuka.”

Ndinavula nsapato pakhomo.