Machira Anakanika Kudutsa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Lalapanzi tilipo, koma ine mtima sunakhazikike.

Lachiwiri amalume a Jailosi anakomoka ali pantchito, kumapeto kwa shedi ya pamgodi. Mukukumbukira mizere yachikasu ija yosonyeza njira yodutsa anthu? Chiyambire chisanu tinaunjika migolo ya girisi m'njiramo kuti izititchingira mphepo tikamamwa tiyi. Mkulu woona zachitetezo atabwera ndi tepi kudzayeza, tinamuseka. Ine ndinachita kumufunsa mdalayo kuti, "Mudhara, wanenepa ndani muno?"

Achimwene, machira anakanika kudutsa! Mpata umene tinasiya unali wa munthu mmodzi, woyenda cham'mbali. Tinayamba kugubuduza migolo yodzaza, amalume ali gone, thovu kukamwa. Woyendetsa ambulansi ankangokuwa kuti, "Kurumidzai, varume!" kutiuza kuti tifulumire.

Pano agonekedwa ku Gweru. Akuyankhula, koma mkono wamanja sukugwira.

Chonde muwaimbire foni akazi awo, sakudya n'komwe. Muwapempherere amalume. Inenso musandiiwale, chifukwa mgolo woyamba ndinauika ndine.

Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Laimoni