Wosesa Manda a Bwana Nyundo

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku London tilipo, kungoti kalatayi ndikuilemba ndili wokwiya. Musadandaule, si inu mwandilakwira.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo sumuuza zovuta asanakhale pansi. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha Jesi, dzina lanu. Akuti wabadwa ndi tsitsi lofewa lomwe lija anthu ankakunenani nalo kumpopi. Chimanga kumunda kwanu ku Chiradzulu chachita bwino, koma denga la khitchini lagwa ndi mvula, ndipo Yohane akuti alikonza. Mukumudziwa mwana wanu, mawa lake silifika. Mphatso wanga wayamba sekondale. Chichewa amamva chonse, koma amandiyankha m'Chizungu ngati kalaliki wa kuboma. Ine ndikadali kosamalira okalamba ku Woolwich kuja, kusambitsa makolo a eni ake, msana ukudandaula.

Tsono imvani chandiwawa. Lamlungu lina kutchalitchi kwathu ku Lewisham abusa analengeza kuti kubwera mayi wina wachizungu, dzina lake Fiyona, amene akulemba mbiri ya banja lake ndipo akufuna kucheza ndi Amalawi odziwa Limbe. Kenaka anatchula dzina la agogo a mayiyo. Dankani wa okushoni, amene anthu ankamutcha Bwana Nyundo. Bambo anu, Amayi.

Anabweradi, munthu waulemu ndithu, atanyamula zithunzi. Anatifotokozera kuti Dankani anachoka ku Scotland ali mnyamata wosauka, mwana wa wogulitsa ng'ombe, nadzatsegula shedi ku Limbe, kumene Loweruka lililonse ankagulitsa katundu wa azungu obwerera kwawo: mipando, njinga, mfuti, ngakhale agalu. "Munthu ameneyu ankatha kugulitsa chilichonse," anatero Fiyona akuseka. Ine mumtima ndinati apo pokha sunaname. Ndinakumbukira zimene munandiuza tikusenda chinangwa: kuti agogo aNachisale anakhala naye zaka zambiri m'nyumba ya kuseri kwa shediyo, kumuphikira, kumudwazika malungo, kumuberekera inu. Ndipo Dankani atapita kwawo kutchuthi n'kubwerako ndi dona, anawabweza kumudzi, bedi lawo ndi makina awo osokera n'kuziika pa okushoni. Agogo anaima kunja kwa mpanda, inu muli m'manja, akumva nyundo ikugunda pa bedi lomwe munabadwirapo. Zimenezo m'mbiri ya Fiyona mulibe.

Kenaka anatulutsa chithunzi cha manda ake, kumanda a azungu kuja. Akuti atapitako koyamba zaka zapitazo anapeza manda ena onse ali thengo, koma a agogo ake ali osesedwa mbee, miyala yopakidwa laimu, maluwa ali m'botolo. "Taonani chikondi cha anthu akwanu," anatero, misozi ili m'maso. "Anthu a ku Limbe ankamukonda kwambiri, moti anapitiriza kusesa manda ake zaka zonsezi."

Amayi, ife Amalawi tinayang'anana. Mayi Phiri, namwino amene ndimakhala naye benchi imodzi, anandinong'oneza kuti, "Iii asisi, ndani angasese manda a munthu wosakhala m'bale wake? Akufuna amutche mfiti?" Ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa zimenezo. Koma mayi wophunzira uja anaona tsache lanu n'kuwerenga kuti mtundu wonse ukuthokoza bwana. Botolo lija linali la mafuta anu odzola, ndinalizindikira. Laimu munkapempha kwa omanga nyumba. Mvula ikatha munkakwera basi ndi khasu lanu, kukapalira munthu amene sanakunyamulenipo pagulu, amene mukakumana naye mumsewu munkayenera kumutcha bwana. Ndikakufunsani chifukwa chake, munkangoti, "Chibale ndi fupa, mwanangu, sichiola."

Fiyona anapitiriza kunena kuti chaka chatha anapitanso, napeza udzu wofika m'chiuno, ndipo sakumvetsa chasintha n'chiyani. Choncho banja lawo laganiza zoika mwala watsopano, wolembedwa dzina la Dankani, la dona wake, ndi la ana ake awiri.

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinati, "Mayi, chasintha n'chakuti wosesa uja anamwalira. Sanali anthu a ku Limbe, anali munthu mmodzi, mayi anga. Ndipo ana a Dankani anali atatu."

Anafiira mpaka m'makutu. Anthu atabalalika anandikokera pambali n'kundifunsa dzina lanu. Nditati Jesi, anakhala pampando. Akuti ndilo linali dzina la mayi ake a Dankani ku Scotland. Mukuona, Amayi? Anakupatsani dzina la mayi ake omubereka, kenaka n'kukutulutsirani kukhomo la kuseri. Ndinaganiza kuti basi zatheka, Fiyona wamva. Tinagwirana manja, ine mpaka ndinamutcha m'bale wanga, kupusa kwanga.

Patapita milungu ingapo anandiimbira foni ndili pa basi yopita kuntchito. Mawu ake anali ofewa ngati a dokotala wobweretsa uthenga woipa. Akuti bambo ake, mlongo wanu amene simunamuonepo, ndi okalamba, nkhaniyi yawasokoneza, ndipo akana. Akuti kodi tili ndi pepala lililonse losonyeza kubadwa kwanu? Ndinati, "Pepalalo akanalemba ndani? Yemwe uja ankakubisani?" Ndiye akuti aganiza zowonjezera mzere pansi pa mwalawo, wothokoza anthu okhulupirika amene anasamalira mandawo. Okhulupirika! Mawu amene azungu ankalembera makhukhi ndi alonda awo powachotsa ntchito. Ndisanameze n'komwe malovu, anandifunsa ngati m'banja mwathu angapezeke wina woti apitirize kusesa, poti mwala watsopano sungaoneke bwino m'tchire. Ndinadula foni, Amayi. Ndinatsika basi pa siteji yolakwika, n'kuyenda wapansi ndikulira ndi mkwiyo. Tsache lathu akulifuna, koma magazi athu ayi.

Apa ndiye pamene ndikupempha kuti mundimvetse. Ndikudziwa zimene munamuuza Yohane m'chipatala, kuti udzu usawakwirire bambo anu. Chaka chatha analephera chifukwa cha chisoni, koma chaka chino ananola khasu, nandiimbira kufunsa ngati apite. Ndamuletsa. Ndati khasu lanu lisakhudze dothi limene lija mpaka dzina lanu litalembedwa pamwalapo. Yohane anadandaula kuti, "Achemwali, amayi akatikwiyira bwanji?" Ndinamuyankha kuti akakwiya abwere kwa ine, adilesi akuidziwa. Inu munali ndi mtima wautali, munapirira moyo wanu wonse osatsegula pakamwa. Ine mtima umenewo sindinatengere. Mwina ndinatengera wa agogo anga a nyundo aja, poti ndikagunda ndagunda.

Ngati mumakumana ndi Dankani kumeneko, poti ndimamva kuti kulibe khomo la kuseri, musamugwadire. Mumuyang'ane m'maso, mumutche bambo mokweza, anthu onse amve. Mumufunse kuti bedi lija analigulitsa kwa ndani.

Ine ndatenga tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, ndikubwera ndi Mphatso kudzamanga chiliza chanu ku Chiradzulu. Ndalankhula kale ndi wosema miyala wa ku Ndirande, ndipo iye safunsa pepala. A kwa Fiyona mwala wawo alembepo zimene akufuna, koma wanu ndi wathu. Tidzalembapo zilembo zikuluzikulu kuti Jesi, mwana wa Nachisale ndi Dankani, ndipo aliyense wodutsa adzawerenga. Ndikukulonjezani zimenezo, ndiponso kuti pamene mwagona inupo udzu sudzamera ine ndili moyo.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Edina