Chombo Chikudikira Agogo

Okondedwa Mayi,

Moni wambiri. Kodi miyendo ija yasiya kutupa? Achimwene anandiuza pafoni kuti anakugulirani ndodo, koma mukuibisa kuseri kwa chitseko kuti anthu asakuoneni okalamba. Inu simudzasintha ayi. Ine kuno thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Ntchito ija ikadalipo, imene mumaiseka kuti munthu wamkulu, wamwana, n'kumalipidwa chifukwa chosewera. Ndimakhala pa desiki yapakona, pafupi ndi zenera losatseguka, kuyesa magemu a pakompyuta. Chaka chino andipatsa aafupiafupi, a zombo zouluka kupita ku nyenyezi. Ndimasewera, kenako ndimalemba ngati ndi abwino n'kupereka malikisi kuti ogula adziwe. Lamulo lake ndi limodzi: gemu imene sunaimalize suyipatsa malikisi. Abwana amati gemu yotha pa ola limodzi ndi yobera anthu, yabwino ndi yoti munthu athe nayo mwezi. Inenso ndinkangovomera.

Mdzukulu wanu akadali m'chipatala. Tsitsi lonse linathothoka, dzanja lamanzere latupa ndi madiripi. Ndikaweruka ndimapita ndi laputopu ya kuntchito, n'kuiika pa kathebulo kodyera ka pabedi kuti tizisewera limodzi. Anamwino anamupatsa dzina loti Kaputeni, moti ukamuitana dzina lake lenileni amangokhala ngati sakumva. Pakamwa ndiye anatengera inu. Tsiku lina anandiuza kuti abwana angawo sadziwa kanthu, gemu yaitali ndi ya anthu amene ali ndi nthawi. Iye amafuna yoti ithe mankhwala asanamugonetse. Ndinaseka, kenako ndinatuluka kukalirira pakhonde.

Pali gemu ina imene yatigwira mtima. Zithunzi zake n'zosalongosoka, nyimbo yake imangobwerezabwereza, ndipo abwana atasuzumira anangoti ndiipatse malikisi ochepa tipitirire. Muli kachombo kakale, kotsala pang'ono kutha mafuta, kobwerera kwawo. Kutsogolo kuli kadziko kakang'ono, ndipo pazenera la nyumba ina pali mayi wachikulire atanyamula nyale. Mdzukulu wanu atangomuona anati amenewo ndi agogo. Tinazemba miyala youluka, tinadutsa pafupi ndi dzuwa, mpaka kunangotsala kutera. Pomwepo anandigwira dzanja n'kuimitsa gemu.

"Tisatere, amayi. Agogo abwere adzaone okha."

Kuyambira tsikulo gemuyo ili chiimire. Abwana andifunsa kangapo za malikisi ake. Ndimangoyankha kuti sindinaimalize, ndipo si bodza.

Mayi, ndisakubisireni. Lachiwiri adokotala anandiitanira m'kachipinda kawo, anatseka chitseko, n'kundiuza kuti mankhwala asiya kugwira ntchito. Nditafunsa ngati mwanayu adzafike pa tsiku lake lobadwa, anangoti amene akufuna kumuona asachedwe. Ndikuopa, mayi. Ndikuopa kwambiri, ndipo ndilibe woti ndimuuze.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Ndikudziwa kuti mumaopa ulendo wautali, ndikudziwa za miyendoyo, ndikudziwanso kuti mumati mudzabwera akatuluka m'chipatala kuti mudzamuone akuthamanga. Zimenezo sizichitika. Munkatiuza nokha kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Achimwene akuperekezeni, zapakhomo alamu atsala akuyang'anira. Mukwere basi yam'mawa, ine ndidzakuchingamirani podikirira mabasi. Musavutike ndi kumunyamulira zakudya, masiku ano sakudya kwenikweni. Ndodoyo yokha muitenge, chifukwa wodi yake ili pamwamba ndipo masitepe ake ndi ambiri.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali ndi ana awo onse. Amalume muwauze kuti uthenga wawo ndinaulandira, ndidzawayankha mutu ukakhala m'malo.

Dzulo Kaputeni anandifunsa ngati mafuta a m'chombo sangathe poti chaima nthawi yaitali m'malere. Ndinamuuza kuti gemu ikaima, mafuta satha. Iye ananena motsitsa mawu:

"Komabe muwauze afulumire."

Ndiye ndakuuzani, mayi.

Ndine mwana wanu,
Make Kaputeni