Mzinda Wogonamo Chabe

Bucheon, South Korea
12 Disembala 2011

Okondedwa malume a Tsoka,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse ku Kaluluma. Ine kuno ndiliko.

Munafunsa kuti ndikukhala malo otani. Bucheon ndi mzinda uli pakati pa Seoul, likulu la dziko lino, ndi doko la Incheon. Anthu ambiri amangogonamo chabe. Kukacha amathithikana m'sitima kupita kuntchito ku Seoul, ine ndili pakati pawo ulendo wa kusukulu yanga ya zaulimi. Nyumba zake n'zosanjikizana, zina mpaka makumi awiri, koma amene ndayandikana naye khomo sindimudziwa n'dzina lomwe. Chisanu chake masiku ano n'cholowa m'mafupa.

Mlongo wanga Dorika wandilembera kuti makuponi a feteleza atuluka ndipo fodya mwawokera kale. Munda wanga wakudambo uja mumupatse iyeyo, azilima ngati wake, chaka chino ndi zaka zikubwerazi.

Chifuwa chija sichinathe. Sabata yatha anandijambula m'chifuwamo kuchipatala. Adokotala anachiyang'ana nthawi yaitali chithunzicho, kenako anandifunsa kuti, "Muli ndi wachibale kuno?" Ndinati ayi. Iwo anati, "Kwanu n'kutali bwanji?"

Maphunziro amayenera kutha mu Ogasiti, koma mwina mundiona mu Febuluwale. Amayi musawauze chifukwa chake, malume. Mungowauza kuti Raymond wapukwa kwawo, pakuti limenelonso si bodza.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Raymond